Mayeso a Mwana wa Zaka Zinayi mu Mzinda wa New York

Ife kuno kwathu timaidziŵa nkhaŵa imene imagwira makolo pamene zotsatira za mayeso a Sitandade 8 zili pafupi kutuluka, aliyense akufuna kumva ngati mwana wake wasankhidwa kupita ku sekondale. Komatu mwana ameneyo ndi wosinkhuka, wakhala pa sukulu zaka zisanu ndi zitatu. Lero ndifuna kuti tipite kutali, ku mzinda wa New York m'dziko la America, kumene kwa zaka zoposa khumi nkhaŵa yotereyi inkagwira makolo a ana a zaka zinayi zokha, ana oti ena mwa iwo anali asanadziŵe n'komwe kumanga zingwe za nsapato.

M'sukulu za boma za pulaimale mu mzindawo muli makalasi apadera otchedwa Gifted and Talented, ndiye kuti makalasi a ana amene aonedwa kuti ali ndi mphatso ya nzeru. Ana ameneŵa amaphunzira paokha, mofulumira ndiponso mozama kuposa anzawo. Sukuluzo n'zaulere, tsono malo ake anthu amalimbirana kwambiri, pakuti makolo a kumeneko nawonso amakhulupirira kuti m'mera mpoyamba. Funso limene lasautsa mzindawo ndi lakuti mwana wamphatsoyo mumzindikira bwanji, ndipo mumzindikira ali ndi zaka zingati.

Kale chigawo chilichonse mwa zigawo 32 za sukulu za mu mzindawo chinali ndi njira yakeyake yosankhira ana. M'chaka cha 2008, pamene Michael Bloomberg anali mfumu ya mzinda ndipo Joel Klein ankayang'anira sukulu zonse, adakhazikitsa njira imodzi ya mzinda wonse: mayeso amodzi, muyeso umodzi. Cholinga chake chinali chabwino ndithu. Ankafuna kuti mwana asaloŵe m'kalasi lapadera chifukwa choti makolo ake amadziŵana ndi mphunzitsi wamkulu.

Mwana woyembekeza kuyamba kalasi loyamba, limene kumeneko amalitcha kindergarten, ankayesedwa kumayambiriro kwa chaka, cha mu Januwale. Ankaloŵa m'chipinda ndi woyesa amene sadamuonepo, mayi ake akudikira panja. Woyesayo ankafunsa, mwana n'kumaloza chithunzi chimene akuganiza kuti n'cholondola. Mayesowo anali a zigawo ziŵiri. Chigawo china, chotchedwa Otis-Lennon, chinkayesa ngati mwana atha kumva malangizo ndi kulingalira. Chinzake, chotchedwa Bracken, chinkafunsa za zilembo, manambala, mitundu ndi maonekedwe a zinthu. Posakhalitsa zidaoneka kuti mwana aliyense wophunzitsidwa bwino kunyumba atha kuloŵeza zimenezi, ndipo kuyambira m'chaka cha sukulu cha 2012 mpaka 2013, m'malo mwa Bracken adaika mayeso a Naglieri, amene alibe mawu: mwana amaona zithunzi zosanjidwa, n'kupeza kachidutswa kamene kakusoŵa.

Apa pali mfundo imene ndifuna kuti timvane bwino. Mukamva kuti mwana wapeza 90 pa mayesowo, sikuti wakhoza mafunso 90 mwa 100 ayi. Tanthauzo lake n'lakuti mutaimika pa mzere ana 100 a msinkhu wake ochokera m'dziko lonse la America, iye waposa pafupifupi 90 mwa iwo. Wopeza 90 ankaloledwa kupempha malo m'kalasi lapadera la m'chigawo chake. Wopeza 97 ankaloledwa kupempha malo m'sukulu zisanu zolandira ana a mzinda wonse, monga Anderson School ya ku Manhattan. Koma popeza ana ambiri a ku New York ankabwera atakonzekeretsedwa kale, opeza 99 adachuluka kuposa malo a m'sukulu zisanuzo. Motero ngakhale mwana wa 99 ankadikira maere, ndipo amene mkulu wake anali kale pa sukuluyo ankatsogozedwa. Pa zaka zomaliza za dongosololi, ana pafupifupi 15,000 ankayesedwa chaka chilichonse, pomwe malo a kindergarten anali ngati 2,500 okha.

Nanga ndani ankapata malowo? Mayesowo sanali a mwana aliyense. Kholo linkayenera kumva za mayesowo, kulembetsa mwana pa nthaŵi yake, ndi kumuperekeza tsiku loyesedwa. Mayi wogwira ntchito ziŵiri, kapena bambo wongofika kumene m'dzikomo amene sadziŵa Chingerezi, kaŵirikaŵiri nkhaniyi inkamudutsa. Pamene zinali choncho, m'madera a anthu opeza bwino mudabadwa malonda atsopano: mabuku a mafunso ofanana ndi a mayeso, ndi aphunzitsi olipidwa oti azikonzekeretsa tiana ta zaka zitatu. Zotsatira zake zidaoneka msanga. M'zigawo zina za anthu osauka, ana ofika pa 90 adachepa kotero kuti sikudatheke kutsegula ngakhale kalasi limodzi. Mu mzinda mmene ana pafupifupi 7 mwa 10 alionse a m'sukulu za boma anali akuda kapena a mabanja ochokera ku Latin America, ana atatu mwa anayi a m'makalasi apaderawo anali azungu kapena a mabanja ochokera ku Asia. Palibe munthu wolingalira bwino amene angavomere kuti nzeru zimabadwa motsata misewu ya mu mzinda. Chimene mayesowo ankapima, pa mbali yaikulu, ndi zimene mwana wapatsidwa kunyumba pa zaka zinayi zoyamba za moyo wake.

Ngakhale manambala enieniwo adaphonyapo. Mu Epulo 2013 kudadziŵika kuti kampani ya Pearson, imene inkachonga mayesowo, idalakwitsa poŵerengera, mwa zina pa misinkhu ya ana, ndipo ana pafupifupi 2,700 adauzidwa kuti alephera pamene anali atakhoza. Makolo aŵiri ndi amene adayamba kukayikira n'kufunsa.

Ndipatukeko pang'ono. Mayeso a nzeru oyamba enieni adakonzedwa ku France m'chaka cha 1905 ndi Alfred Binet pamodzi ndi mnzake Théodore Simon, ndipo ntchito yake inali yopeza ana ofunika chithandizo pa maphunziro, osati yosankha opambana. Binet mwiniwake sankakhulupirira kuti nzeru za mwana n'zokhazikika ngati msinkhu wa munthu wamkulu. Aphunzitsi amene mukundimva mukudziŵa zimenezi: mwana wamanyazi wa mu Sitandade 1, amene satsegula pakamwa chaka chonse, nthaŵi zina ndiye amadzatsogola mu Sitandade 5. Mwana wa zaka zinayi akadzuka ndi chimfine, kapena akaopa nkhope ya woyesa, nambala yake imatsika, ndipo nambalayo ndiyo inkatsegula kapena kutseka khomo la zaka zisanu ndi chimodzi za pulaimale.

Komabe tisafulumire kunena kuti mayeso onse ndi oipa. Kumwera kwa dziko lomwelo, m'boma la Broward ku Florida, kudachitika zosiyana. Kumeneko mwana ankayesedwa pokhapokha mphunzitsi kapena kholo litamtchula. M'chaka cha 2005 akuluakulu a sukulu adayamba kuyesa mwana aliyense wa mu Giredi 2, wa zaka ngati zisanu ndi ziŵiri, ndi mayeso a zithunzi a Naglieri aja. Akatswiri aŵiri a zachuma, David Card ndi Laura Giuliano, adafufuza zotsatira zake, ndipo adapeza kuti chiŵerengero cha ana akuda, ana a mabanja olankhula Chisipanishi ndi ana a mabanja osauka amene adazindikiridwa kuti ndi amphatso chidakwera kwambiri. Anaŵa analipo kale m'makalasimo, koma aphunzitsi ndi makolo sankaŵatchula. Ndalama zitachepa, kuyesa aliyense kudalekeka, ndipo chiŵerengero chija chidatsikanso. Mayeso ake anali a mtundu womwe uja wa ku New York. Kusiyana kwake kunali kwakuti ankayesa ana onse, ndiponso ana okulirapo.

Tibwerere ku New York. Mu Januwale 2021 bungwe loyang'anira maphunziro mu mzindawo lidakana kuvomereza mgwirizano wina ndi kampani yokonza mayeso ija, ndipo mayeso a ana a zaka zinayi adathera pomwepo. Mu Okutobala chaka chomwecho mfumu ya mzinda Bill de Blasio idalengeza kuti makalasi apaderawo atha pang'onopang'ono. Makolo ambiri, makamaka a mabanja ochokera ku Asia, amene ambiri mwa iwo sanali olemera konse ndipo ankaona makalasiwo ngati makwerero a ana awo, adakwiya. Woloŵa m'malo mwake, Eric Adams, adasintha ganizolo mu Epulo 2022. Adasunga makalasiwo, adawonjezera malo 100 a kindergarten ndi malo 1,000 oloŵera mu Giredi 3, koma mayeso sadaŵabwezere. M'dongosolo lakelo, aphunzitsi a sukulu za mkaka ndiwo ankatchula ana oyenera, kenaka n'kuchita maere. Oloŵa mu Giredi 3 ankasankhidwa potsata mmene adakhozera m'kalasi mu Giredi 2.

Ine ndiona kuti khomo la mu Giredi 3 lili ndi nzeru, pakuti mwanayo amakhala ataoneka ntchito yake kwa zaka zingapo. Koma za kindergarten zindipatsa maganizo. Mzinda udathaŵa mayeso chifukwa ankakondera a chuma, n'kubwerera ku maso a mphunzitsi, njira imene ku Broward idaphonya ana ambirimbiri. Mphunzitsi, ngakhale wamtima wabwino chotani, amaona msanga mwana wolankhula bwino ndi womvera, osati wosakhazikika amene watopa ndi zophweka, kapena amene Chingerezi chikumuvutabe.

M'chaka cha 2025, pa nthaŵi yokopa anthu, Zohran Mamdani adanena kuti akasankhidwa adzathetsa kusankha ana amphatso pa msinkhu wa kindergarten, n'kusiya khomo la mu Giredi 3 lokha. Opikisana naye adamtsutsa kwambiri, ena n'kulonjeza kuwonjezera makalasiwo. Mu Novembala chaka chimenecho anthu a ku New York adamsankha kukhala mfumu ya mzinda wawo.