Tinkaseka naye pa TV, iye akudzimana chakudya

Lero tikambirana za buku lomwe mutu wake wokha umadzidzimutsa: I'm Glad My Mom Died, ndiye kuti mwiniwake akuti mtima unakhala m'malo mayi ake atamwalira. Analemba ndi Jennette McCurdy wa ku America, ndipo linatuluka mu 2022. Enafe timamudziwa ngati Sam Puckett wa mu iCarly, sewero la pa Nickelodeon lomwe linkaonetsedwa kuyambira 2007 mpaka 2012. Sam anali kamtsikana kamwano, kokonda nyama. Tinkaseka mpaka nthiti kuwawa.

Za kuseri kwa kamera watiuza yekha. Anayamba kusaka ntchito zamasewero ali ndi zaka 6, chifukwa ndi zomwe mayi ake, a Debra, ankalakalaka. Ndalama zake zinkathandiza pakhomo. Ali ndi zaka 11, mayi akewo anamuphunzitsa kudzimana chakudya kuti thupi lisakule msanga, azipezabe ntchito za ana. Mpaka atakwana zaka 16 ankamusambitsabe ndi kumufufuza m'thupi, ati pofuna kumuteteza ku khansa. Mayiwo anamwalira ndi khansa mu 2013, Jennette ali ndi zaka 21. Mavuto sanathere pamaliro ayi. Anayamba kumadya kenako n'kudzisanzitsa, anamweranso mowa kwambiri, mpaka anakafuna thandizo kwa alangizi.

Ku California kuli lamulo lotchedwa Coogan, la mu 1939, lomwe linabwera Jackie Coogan atasumira mayi ake ndi bambo ake omupeza chifukwa chomudyera ndalama zomwe anapeza ali mwana. Lero lamuloli limati 15 peresenti ya malipiro a mwana isungidwe mu akaunti yake. N'zabwino ndithu. Koma lamulo la ndalama silinafike kubafa kumene Jennette ankasambitsidwa, kapena pambale yake ya chakudya.

Mara Wilson, amene anasewera Matilda mu 1996, naye analemba buku lake, Where Am I Now?, mu 2016. Makolo ake ankayesetsa kumuteteza, komabe anthu osawadziwa ankamulembera makalata omusirira asanathe n'komwe msinkhu. Atakula, omwewo anayamba kumuyeza nkhope n'kumati kukongola kuja kunapita kuti. Atsikana awiri, makomo osiyana, koma onse matupi awo ankalamulidwa ndi ena.

Tikudziwa kuti mutu wa buku la Jennette ena ukuwapweteka. Tinakula tikumva kuti mako ndi mako, usamuone kuchepa mwendo. Koma mukawerenga mupeza kuti iye ankawakonda kwambiri mayi ake. Ankakhulupirira kuti ntchito yake padziko pano ndi kuwasangalatsa. N'chifukwa chake zinamutengera zaka kuti atchule zomwe ankachitidwa kuti ndi nkhanza. Munthu ukhoza kulira maliro a kholo lako, n'kunenabe chilungamo pa zomwe linakuchita.

Chinanso, ali mwana Jennette analemba sewero lake, mayi ake n'kumufooketsa. Kwa zaka zambiri ankaloweza mawu olembedwa ndi ena. Bukuli ndi mawu ake enieni, ndipo linatha chaka ndi miyezi lili pamndandanda wa New York Times wa mabuku ogulidwa kwambiri.

Ndiye tikamawerenga tisamangofuna miseche ya anthu otchuka. Masiku ano mwana safunikanso kupita ku Hollywood kuti adziwike, foni ya azakhali ndi TikTok basi zakwana. Musanaike kavidiyo ka mng'ono wanu kapena mwana wa achemwali, mufunseni ngati akufuna. Akakana, ndiye kuti wakana. Musamaseke mwana kuti wanenepa. Ndipo mnzanu akadzayamba kukuuzani zomwe zinkachitika kwawo, musamudule ndi mwambi. Khalani pansi, mumumvere mpaka amalize.