Tijambule Mawu a Akuluakulu Akadali ndi Moyo

Bayethe, Inkosi ya Makhosi M'mbelwa V! Makhosi onse, atsogoleri a Mzimba Heritage Association, alendo olemekezeka, amayi ndi abambo amene mwasonkhana pano pa Hora.

Ndine mphunzitsi wa mbiri kusekondale, koma ndiyamba ndi kuulula mlandu wanga. Bambo anga adapita kumigodi ya ku Joni pa Wenela, ndipo adabwerako boma litaletsa maulendowo chifukwa cha ndege imene idagwa ku Francistown mu 1974. Madzulo, kwathu kufupi ndi Embangweni, ankatchula anzawo a m'mudzi amene adapita nawo, amene adabwerera ndi amene adatsalira komweko. Ankadziwanso zithokozo za mtundu wathu m'Chingoni. Chaka ndi chaka ndinkati ndidzawajambula mawu patchuthi chikubwerachi. Zengerezu adalinda kwaukwau. Tidawaika m'manda, ndipo lero ana anga akandifunsa zithokozo zija ndimangotchula chiyambi chake basi.

Mbiri yaikulu ya Angoni ili m'mabuku. Ana amaphunzira kuti Zwangendaba adawoloka Zambezi mu 1835, ndi kuti dera lino la Mzimba lidalowa mu ulamuliro wa Angerezi mu 1904. Yesaya Chibambo ndi Margaret Read adalemba zambiri, ndipo tiwathokoze. Koma palibe buku limene limanena amene adakumba chitsime cha m'mudzi mwanu, pamene padali khola loyamba la ng'ombe, kapena momwe msika wa pa Boma la Mzimba unkaonekera agogo anu ali atsikana. Komanso pepala silisunga liwu. Dzina la Mqocha mukhoza kulilemba bwino, koma kaombedwe ka lilime kamene kali m'dzinalo mwana amakadziwa pokhapokha atakamva.

Mu 1950 ndi mu 1958, Hugh Tracey adayenda m'dziko muno ndi galimoto yonyamula makina olemera, akujambula nyimbo za makolo athu. Nyimbozo zikusungidwa mpaka lero ku International Library of African Music, pa Yunivesite ya Rhodes ku South Africa. Ntchito imene iye adaifunira galimoto, lero foni ya m'thumba mwanu ikhoza kuigwira. Tsono tilibe chowiringula.

Ndikupempha zinthu zinayi. Choyamba, pemphani chilolezo musanajambule, ndipo mwini mawu anene zimene zingamveke pagulu ndi zimene ndi za m'banja. Si zonse zoyenera kutumizidwa pa WhatsApp.

Chachiwiri, poyamba penipeni tchulani tsiku, dzina la woyankhula, mudzi wake ndi inkosi yake. Mawu opanda dzina ali ngati ng'ombe yosochera: sitidziwa khola lake.

Chachitatu, asiyeni akulu ayankhule Chitumbuka kapena Chingoni monga afunira, osawadula pakamwa kapena kuwakonza. Musajambule amuna okha. Amayi ndiwo asunga nyimbo za mthimba ndi za pamtondo, ndiwonso akudziwa momwe midzi idakhalira amuna atapita kutali kukagwira ntchito.

Chachinayi, foni imatayika ndiponso imawonongeka. Mawu aliwonse asungidwe malo atatu: m'banja, kusukulu kapena kutchalitchi chapafupi, ndi kubungwe lathuli, limene lingathe kutumiza ena kumalo osungira mbiri ya dziko ku Zomba.

Inu Makhosi a kummwera kwa boma lino, a Mabilabo, a Mzikubola, a Mzukuzuku ndi a Khosolo, mawu anu amamveka kumene mawu a mphunzitsi safika. Mukauza nduna zanu kuti ntchitoyi njolemekezeka, akuluakulu adzamasuka kuyankhula. Aphunzitsi anzanga, tipatse ophunzira athu ntchito ya patchuthi: aliyense akakhale ola limodzi ndi munthu wachikulire wa m'dera lake, kaya ku Jenda, ku Luwerezi kapena m'tauni ya Mzimba. Mwana amene wamvetsera agogo ake kwa ola lathunthu amabwerera kusukulu akudziwa kuti mbiri si ya mafumu okha.

Akulu adati mawu a akulu akoma akagonera, koma amagonera mwa amene adawasunga. Yang'anani amene akuvina ingoma lero: ena mwa iwo sitidzakhala nawo pa Umthetho wa chaka chamawa. Musanabwerere kuntchito zanu, khalani pansi ndi mmodzi wa iwo, mutsegule foni, mufunse funso loyamba.