Mwana Amve za Mowa kwa Kholo Asanamve kwa Wogulitsa



Aliyense woudziwa msewu wa M1, kuyambira pa Thabwa, kuwoloka mlatho wa Kamuzu, kudutsa pa Dyeratu, Nchalo, Ngabu ndi Bangula mpaka kukafika pa Nsanje, amadziwa mmene umakhalira madzulo a tsiku la msika. Mathiraki a katundu, ngolo zopanda nyali, njinga zakapalasa zitasenza makala, ng'ombe zobwerera kukhola, zonse zimalimbirana phula limodzi. Pakati pa zonsezi pamathamanga njinga zamoto za kabaza, zina zitakweza anthu atatu, woyendetsa ali mnyamata woti ndevu sizinamere. Akakhala kuti wayamba wameza kabotolo podikira makasitomala, miyoyo ya onse amene wawakweza yalowa m'manja mwa mowa.

Lamulo la dziko lino limaletsa kugulitsa mowa kwa munthu wosakwana zaka 18, ndipo limaletsanso kuyendetsa galimoto kapena njinga yamoto munthu ataledzera. M'chaka cha 2015 boma lidaletsa mowa wa m'masacheti, umene ana asukulu ankaubisa m'matumba a yunifomu. Mu 2017 lidakhazikitsa ndondomeko ya dziko yokhudza mowa. Koma masacheti atachoka kudabwera timabotolo totchipa tija anthu amati midoli, ndipo kachasu ndi uchema sizidasowe m'midzi ya m'chigwa muno. Wapolisi amatha kuima pa rodibuloko, koma sangaime pakhomo la nyumba iliyonse.

Pakhomopo ndi pamene nkhani imayambira. Ana ambiri salawa mowa koyamba kubala. Bambo amaitana mwana wa zaka 10: "Thamanga kwa amayi aja ukandigulire kabotolo." Mwanayo pobwerera amatsegula, amanunkhiza, tsiku lina amalawa. Mayi wotcheza kachasu kuti apeze ya fizi amauza mwana kuti azisonkhezera moto ndi kulondera botolo likamadontha. Pa ukwati ndi pa sadaka amalume amapatsira mphwawo chikho n'kumuyamikira kuti tsopano wakula. Palibe mmodzi mwa akuluakuluwa amene amamufunira mwanayo zoipa, komabe onse amuphunzitsa asanamuuze mawu ndi amodzi omwe.

Madokotala amanena kuti ubongo wa munthu umapitiriza kukhwima mpaka atapitirira zaka 20, ndipo mbali yochedwa kukhwima ndi imene imathandiza kuyeza zoopsa ndi kudziletsa. Mowa umafooketsa mbali yomweyo. Umachedwetsa dzanja kugwira buleki, umasokoneza diso poyeza kutalika kwa galimoto ikubwera, kwinaku ukumupatsa mnyamata mtima woti njinga amaidziwa. Kusamba madzi ozizira kapena kutafuna chingamu sikuchotsa mowa m'magazi. Chiwindi chimafuna maola kuti chiutsuke. Bungwe la zaumoyo padziko lonse la WHO likuti ngozi zapamsewu zimapha anthu pafupifupi 1.19 miliyoni chaka chilichonse, ndipo ndizo zikutsogola kupha ana ndi achinyamata a zaka 5 mpaka 29. Wovulala mutu ku Nsanje kapena ku Ngabu kawirikawiri amayenera kukwera naye mapiri mpaka ku chipatala cha Gulupu ku Blantyre, ndipo ulendowo ndi wautali kwa munthu wotaya magazi.

Zinthu zimatha kusintha makolo akalowererapo. Ku Iceland, m'chaka cha 1998, ana 42 mwa 100 alionse a zaka 15 ndi 16 ankavomera kuti aledzerapo m'mwezi wapitawo. Pofika 2016 adatsala 5 okha. Makolo kumeneko adagwirizana kudziwa kumene ana awo ali madzulo, kudziwa anzawo ocheza nawo, ndi kukhala nawo nthawi yochuluka, pamene boma lidawonjezera masewera ndi maluso. Zambiri mwa izi sizilira ndalama.

Kulankhula ndi mwana za mowa kuli ndi nthawi yake. Mwana akabwera usiku akudzandira, kholo limugoneke chammbali kuti asatsamwe ndi masanzi, nkhani ikambidwe mawa mitu itazizira. Mkwapulo umaphunzitsa mwana kubisa. Kholo lanzeru limayamba ndi funso, ali kudimba kapena pamphasa atadya nsima: "Kodi anzako amamwa? Nanga iwe akakupatsa umati chiyani?" Likamvetsera, limanena lamulo la pakhomo mosazungulira: mowa ayi usanakwane zaka 18, makiyi a njinga ayi ngati walawa, ndipo usakwere kabaza wonunkha mowa ngakhale akhale mnzako. Limawonjezera lonjezo: "Ukasowa chokwera usiku, imba foni kapena gona kwa azakhali ako. Sindikukalipira." Atsikana nawonso amve zomwezi, chifukwa iwo ndiwo amakwera kumbuyo kwa njingazi pochokera ku mchezo.

Kumene bambo ndi mwana amachitirana manyazi, mwambo udaika kale anthu ake. Kwa Amang'anja alipo amalume, kwa Asena alipo azakhali ndi agogo, ndipo anankungwi ali ndi mpata pa chinamwali. Mwana wa mnzako ngwako yemwe.

Pempho likupita kwa mafumu kuti aike malamulo a m'mudzi oletsa kutuma ana kokagula mowa, ndi kwa ogulitsa kuti azibweza mwana aliyense wobwera ndi botolo, ngakhale atanena kuti wamutuma ndi bambo ake. Atsogoleri a masiteji a kabaza amulande makiyi mnzawo amene walawa. Ndipo inu makolo, musadikire kuti mwana adzayambe wabwera ataledzera: khalani naye pansi sabata yomwe ino.