Makina Akale a Masewera ndi Wailesi ya Kanema Yatsopano

M'nyumba zina za ku Kabwe, ku Bwacha ndi ku Chowa, mukali kupezeka makina akale a masewera, monga Sega Mega Drive, PlayStation yoyamba ya 1994, ndi PlayStation 2 ya 2000, amene eni ace safuna kuwataya. Bvuto lace ndi lakuti wailesi ya kanema ya makono, yopyapyala ija, ili ndi zibowo za HDMI, pamene makina akalewa kawiri-kawiri ali ndi nthambo zitatu: yacikasu ya cithunzi, yoyera ndi yofiira za mau.

Munthu wanzeru agula tibokosi tiwiri. Koyamba kalandira nthambo za makina atatu kapena anai, ndipo iye angosindikiza batani kusankha amene afuna. Kaciwiri kasandutsa cithunzico kuti cilowe pa HDMI. Potero sazula-zula nthambo tsiku ndi tsiku kufikira zibowo zitakhwefuka.

Koma coopsa ceni-ceni ndi magetsi. A ZESCO ali ndi mavoliti 230, pamene makina ocokera ku Japan afuna 100, a ku America 120. Wowalumikiza popanda thiransifoma angomva fungo la kupserera, masewera nathera pomwepo. Makina omwewa ndi a NTSC, kuno kunazolowera PAL. Ngati kabokosi kaja sikadziwa NTSC, cithunzi cituruka cakuda ndi coyera cokha, kapena cingobvina.

Mfuti yoombera abakha ija siigwira nchito pa galasi latsopano. Ifuna wailesi yakale yamimba, imene ambiri anaigulitsa kale.