Mawu a Mlendo Wolemekezeka pa Chionetsero cha Alimi a M'madimba

Gogo Chalo, mafumu onse, Bwanamkubwa wa boma lino, alangizi a zaulimi, amayi ndi abambo, ndalandira ndi manja awiri ulemu umene mwandipatsawu.

Pa 13 October chaka chilichonse dziko lonse limakumbukira ntchito yochepetsa ngozi zogwa mwadzidzidzi, ndipo inu mwasankha kuti tsikuli likhale la alimi. Mwachita bwino. Ndiloleni ndikutengereni ku Sudan, pa chilumba cha Tuti.

Tuti ili pamene mitsinje ya Blue Nile ndi White Nile imakumana, ndipo yazunguliridwa ndi mizinda itatu: Khartoum, Omdurman ndi Bahri. Mizindayi inakula, nyumba zosanja zinamera, koma anthu a mtundu wa Mahas amene akhala pachilumbapo zaka mazanamazana sanasiye khasu. Ndiwo zamasamba ndi mandimu za m'misika ya Khartoum zambiri zinkachokera kumeneko, zikuwoloka pa bwato, mpaka mlatho unatsegulidwa.

Chonde chawo chimachokera kumapiri a Ethiopia. Blue Nile ikasefukira m'miyezi ya August ndi September, imasiya matope m'minda. Madzi omwewo ndi amene angakokolole mudzi wonse. Apa ndi pamene ndikufuna makutu anu. Anthu a Tuti anagawana gombe lonse m'zigawo zimene amazitcha taya. Chigawo chilichonse chinali ndi alonda ake, ogona pomwepo, maso ali pa madzi. Akaona kuti akukwera, ankaimba ng'oma, ndipo mudzi wonse unkathamangirako ndi matumba a mchenga. Ndi mmene anapulumukira pa chigumula cha 1946, komanso cha 1988. Sanayembekezere thandizo lochokera ku likulu, ngakhale likululo linali tsidya lomwelo.

Chimene madzi analephera, nkhondo inachita. Nkhondo itabuka ku Sudan mu April 2023, mfuti zinatseka mlatho uja, ndipo alimi ambiri anathawa, minda kuisiya.

Ife tili pa mtendere, ndipo mtsinje wathu tikuudziwa. Mafumu, ndikupempha kuti mvula isanagwe, mudzi uliwonse ukhale pansi ugawane gombe: uyu ayang'anira apa, uyu apo, mayina alembedwe, Bwanamkubwa alandire.

Ndi mawu amenewa, ndikulengeza kuti chionetserochi chatsegulidwa.