ZILEMBO ZITATU ZA PA MANDA

Munthu woyenda pakati pa mitumbira ku manda a Mabvuku, kum'mawa kwa Harare, kufupi ndi Tafara ndi Caledonia, aona zilembo zitatu paliponse: R.I.P. Zina nzozokotedwa pa mwala wakuda, zina nzolembedwa ndi utoto pa cidutswa ca lata. Mashona ena amalemba m'cinenero cao, "Zorora murugare," monga Anyanja amanena kuti, "Mzimu wace uuse mu mtendere."

Ambiri ayesa kuti zilembozo ndi Cingerezi, koma gwero lace ndi Cilatini, cinenero ca Aroma: Requiescat in pace. Akristu oyamba a ku Roma, poika anzao m'mapanga a pansi pa nthaka, ankalemba mau awiri okha, in pace, ndiye kuti mu mtendere; ndipo mau onse atatuwo ali m'pemphero la maliro la Akatolika. Cofunika kucimvetsa ndi ici: mauwo sanena kuti wakufayo wapumula, koma apempha kuti apumule. Munthu sapempha cinthu cimene ali naco kale. Cotero wolemba zilembozi abvomereza, angakhale mosadziwa, kuti kufa kokha sikupatsa mtendere.

Acewa akale sanalembe kanthu pa manda. Manda ao anali nkhalango imene munthu sanatemamo nkhuni. Koma maganizo omwewo anali nao. Iwo ankati mzimu wa munthu wongofa kumene sufika msanga kwa makolo: uzungulira pafupi ndi mudzi, wosadziwika mbali, ndipo ukanyalanyazidwa ubvutitsa abale ndi maloto ndi nthenda. Cifukwa cace ankameta maliro atapita masiku owerengeka, ndipo patapita miyezi, mwina caka, ankafulula mowa nameta kaciwiri. Ngati wakufayo anali wa kudambwe, zirombo zinkabvina usiku wonse kumperekeza. Apo mpamene ankati munthu wausa, monga wapaulendo atula katundu mumthunzi dzuwa liri paliombo. Ayao a Cisilamu amacita sadaka tsiku la 40. Mashona nao ali ndi kurova guva, koma iwo cacikulu ndico kuitana mzimu kuti ubwerere kunyumba udzasunge ana. Miyambo isiyana, koma yonse igwirizana kuti kupumula kwa wakufa ndi nchito ya amoyo.

Tsono nkhani imeneyi ilemera kwambiri pa macona. Kuyambira kale, ndiponso m'zaka za Citaganya, 1953 kufikira 1963, amuna a ku Nyasaland, a ku Northern Rhodesia ndi a ku Tete ankapita ku Salisbury, ena pansi, ena pa magalimoto a Ulere, kukagwira nchito m'migodi, m'mafamu ndi m'nyumba za Azungu. Ambiri sanabwerere. Mcewa akafa kumudzi, mfumu iloza malo, adzukulu akumba, mwini mbumba ayang'anira zonse. Nanga wofera ku Mabvuku, malume wace ali ku Dedza, adzamumeta ndani? Mantha amenewa ndiwo anabala masosaiti a maliro, m'mene anthu a dera limodzi ankasonkha ndarama mwezi ndi mwezi kuti mnzao asaikidwe ndi boma ngati wopanda abale. Mantha omwewo ndiwo anasunga gule wamkulu m'makomboni, amene Mashona amamucha zvigure.

Caledonia anali famu. M'caka ca 2005, pamene boma linagwetsa nyumba m'matauni pa nchito yochedwa Murambatsvina, anthu anatutidwa pa malori kukasungidwa pa famupo. Lipoti la Anna Tibaijuka, nthumwi ya United Nations, linati anthu ngati 700,000 anataya nyumba kapena njira yopezera cakudya. Ogwetsedwerawo anauzidwa kuti apite kumudzi kwao; koma mdzukulu wa mcona, wobadwira ku Harare, analibe mudzi wopitako, ndipo manda a atate wace anali m'tauni momwemo. Pambuyo pace famuyo inasanduka mudzi waukulu wa nyumba zikwi zambiri, ndipo malamulo akulu a dziko a 2013 anapatsa unzika obadwira m'Zimbabwe kwa makolo a m'maiko oyandikana.

Mipingo sigwirizana pa mauwa. Akatolika amapempherera akufa; Apresbiteria amati pemphero silisintha kanthu munthu atatsikira kuli cete; a Sabata amati akufa ali m'tulo kufikira ciukitso. Koma wosema miyala safunsa mpingo, ndipo zilembo zitatuzo azokotera onse. Mwalawo kawirikawiri suikidwa pa tsiku la maliro. Abale amayamba asonkha ndarama, namanga ciliza patapita caka kapena kuposa, nyengo yomwe ija makolo ankafulula mowa wometera. M'mawa mbusa abvundukula nsaru napemphera, ndipo m'mabanja ena ng'oma zimalira madzulo a tsiku lomwelo.