Nthanda ndi Mitambo Yake

Lero tiphunzira za Nthanda, imene imawala kum'mawa mbandakucha. Inu a ku Bundabunda mumaiona bwino, pakuti magetsi a mu Lusaka ali kutali nanu.

Nthanda si nyenyezi ayi, koma dziko lozungulira dzuwa monga lathuli. Azungu amaitcha Venus. Nthaka yake siioneka, popeza inakutidwa ndi mitambo ya asidi.

M'chaka cha 1957 Charles Boyer, woweruza milandu ku Brazzaville, anayamba kujambula Nthanda ndi telesikopu yake. Poyerekeza zithunzizo, anaona kuti mawanga akuda a m'mitambo amabwerera pamalo omwewo pakapita masiku 4. Akatswiri ena anamtsutsa, koma mu 1974 chombo cha Mariner 10 chinatsimikiza mau ake. Dziko lenilenilo limatembenuka kamodzi m'masiku 243. Ndiye kuti mphepo youlutsa mitamboyo imathamanga koopsa.

Ana inu, Nthanda ikaoneka, lembani tsiku, nthawi ndi mbali imene ili. Koma chenjerani: musaloze telesikopu kudzuwa, mungachite khungu.